Matabwa a pa Dziwe

Pa mudzi wina wa kufupi ndi phiri la Dedza panali mnyamata wokhala ndi agogo ace. Agogowo anali ndi dimba, ndipo pakati pa dimbalo panali dziwe laling'ono lotungapo madzi othirira mpiru ndi anyezi. Dziwelo silinali la ngondya zinai ngati nyumba ya sukulu ai. Linali lozungulira ngati dzira.

Caka ndi caka mvula inali kugumula m'mphepete mwace. Tsiku lina mlongo wace wa mnyamatayo, mwana wa zaka 4, anaponda pa dothi lofewa, naterereka, nagwera m'madzi kufikira m'khosi. Mwai wace agogo anali pafupi, namgwira pa mkono. Usiku umenewo mnyamatayo sanaone tulo, natsimikiza mumtima kuti adzachinga dziwelo ndi matabwa.

Anagulitsa mtedza wonse wa m'munda mwace, nagula matabwa 5 a mlombwa, pakuti ciswe sicifulumira kudya mtengo umenewu. Mkungudza wa ku Mulanje ndi wolimbanso cotero. Unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi m'caka ca 1984, koma anthu anaudula mosaleka, kotero kuti mitengo yaikuru yatsala pang'ono kutha pa phiripo.

Mwezi wa Okutobala, madzi atacepa, iye anakhoma zikhomo, namanga thabwa loyamba nsonga imodzi, nalikankha ndi bondo kuti lizungulire. Thabwalo linalira, kenaka linangoti thyo! pakati. Mnyamata anakhala pansi, nagwira m'mutu, pakuti analibenso mtedza wogulitsa.

Madzulo anafika atsibweni ace, amene anali mmisiri wa matabwa. Sanamkalipira konse. Anangoti, "Mphwanga, tapinda mkono wako. Waonanji?"

Iye anati, "Atsibweni, khungu la pa cigongono lakokeka, koma la mkati lacita makwinya."

"Thabwa literonso," anatero iwo. "Likamapindika, mbali ya kunja ifuna kutalika, ya mkati ifuna kufupika. Iwe sunaipatsa malo ofupikira."

M'mawa mwace anatenga maceka, namuonetsa kuceka timizere topingasa pa mbali yoyang'ana kumadzi, osadula thabwa lonse, koma kusiya gawo limodzi la magawo atatu. Kumene dziwe linakhota pang'ono timizereto tinatalikirana mainchesi 3. Ku nsonga ya dzira, kumene linakhota kwambiri, inchi imodzi yokha. Nchito imeneyi inali yotopetsa ndithu, ndipo manja a mnyamatayo anacita matuza. Atatha anabviika matabwawo mumtsinje masiku 3, atawapsinja ndi miyala, cifukwa mtengo wonyowa ufewa.

Zikhomo zace zoyamba anazizula zonse. Iye anazikhoma kumtunda. Atsibweni anasema zina za muwanga, mtengo wosabvunda msanga, nazikhoma ku mbali ya madzi, zotalikirana mapazi awiri. Nzeru yace ndi iyi: dothi lonyowa likalemera likankhira thabwa kumadzi, tsono thabwalo litsamira pa zikhomo, ndipo misomali siisenza katundu yokha.

Pamenepo anayamba kupinda. Anakoka ndi cingwe pang'onopang'ono, kufikira thabwa litakhudza cikhomo cimodzi. Anakhoma msomali, napuma, nakokanso. Mnyamata anapenya timizere tija tirikutsekeka timodzitimodzi ngati milomo, ndipo thabwa silinalira. Pokomana matabwa awiri anaika cikhomo cacikuru, kuti nsonga zonse ziwiri zigonepo. Munthu wina wodutsa anati apake mafuta akuda a galimoto, kuti matabwa asabvunde, koma agogo anakana, nati, "Madzi amenewa apita ku ndiwo zanga."

Matabwa 4 sanakwanira kuzungulira dziwe lonse. Panatsala mpata, ndipo pomwepo anaika zidutswa ziwiri za thabwa lothyoka lija, cina uku cina uku, ndi mwala waukuru wathyathyathya pakati pace, woimapo potunga madzi. Kumbuyo kwa matabwa anathira dothi, nalisinja ndi munsi.

Mvula yaikuru inagwa usiku wina mwezi wa Disembala. Mbanda kuca mnyamata anathamangira kudimba, napeza dziwe ladzala, matabwa ali ciriri. Malo amodzi okha dothi linatitimira, pamene iye anasinja mofulumira tsiku lija atatopa. Anabwerera kunyumba kukatenga khasu ndi munsi, ndipo mlongo wace anamtsata pambuyo atanyamula kacitini kace.