Kumvera kwa Mwana ndi Mangawa a Akulu

Ife amene tinaleredwa m'mwambo wa makolo tinauzidwa tiri ang'ono kuti mwana wabwino ndiye womvera. Akulu akalankhula mwana sabweza mawu, akamtuma apita, ndipo akamdzudzula aweramitsa mutu. Mwambo umenewu ine ndiulemekeza kufikira lero, pakuti mwana wosamvera sangaphunzire kanthu, kungakhale kulima kapena kuwerenga. Koma pali mbali ina ya mwambo womwewu imene sitiikamba kawirikawiri, ndiyo yakuti mwana akapereka kumvera kwake, mkulu amene wakulandira ali ndi mangawa. Chimene chandilingaliritsa za mangawawa ndi mbiri ya mtsikana wina wa ku Moscow, dzina lake Elena Mukhina, amene pa chaka cha 1978 anaposa akazi onse a pa dziko lapansi m'masewero otchedwa gymnastics.

Ndiyambe ndafotokoza masewerowo, kuti owerenga aone kuopsa kwake. Akazi amapikisana pa zinthu zinayi. Choyamba ndi kuthamanga ndi kulumpha chotchinga, namapidiguka m'mwamba asanatere. Chachiwiri ndi kuzungulira ndi manja pa mitengo iwiri yopingasa, wina wapamwamba wina wapansi. Chachitatu ndi kuyenda, kulumpha ndi kupidiguka pa mtanda wotalika mamita 5, umene m'mimba mwake ndi masentimita 10 okha, ngati chikhatho cha munthu. Chachinayi ndi kuvina ndi kupidiguka pabwalo loyalidwa bwino, nyimbo ikulira. Oweruza amayang'ana zonse napereka malikisi. Thupi lofunika pa ntchito yotere ndi lopepuka ndi lofewa, nchifukwa chake ambiri amayamba akali tiana, ndipo m'masiku a Elena pofika pachimake ankakhala asanafike pa msinkhu wodzilamulira okha.

Elena anabadwa pa 1 June 1960. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 5, ndipo analeredwa ndi agogo ake aakazi. Poyamba sanali wodziwika, kufikira pamene anafika m'manja mwa mphunzitsi wina, Mikhail Klimenko, amene kale ankaphunzitsa amuna. Munthuyu anaona kuti mwanayo ali ndi khama ndiponso sakana chimene wauzidwa, tsono anayamba kumphunzitsa malumphidwe ovuta amene atsikana ena sankawayesa.

Nthawi imeneyo Russia anali m'dziko lalikulu lija la Soviet Union, ndipo akazi a dzikolo anazolowera kupambana, pakuti gulu lawo linali kutenga mendulo yagolide pa mpikisano uliwonse wa Olympic kuyambira 1952. Koma pa chaka cha 1976, ku Montreal m'dziko la Canada, kamtsikana ka zaka 14 ka ku Romania, Nadia Comaneci, kanalandira malikisi 10 athunthu kasanu ndi kawiri, nikaposa aliyense pophatikiza zinthu zinayi zija. Akulu a masewero ku Moscow anachita manyazi, ndipo anayamba kufunafuna mwana amene angachotse manyaziwo. Maso awo anagwera pa Elena. Pa chaka cha 1977, pa mpikisano wa maiko a ku Ulaya ku Prague, iye anakhala wachiwiri kwa Nadia. Chaka chotsatira, pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Strasbourg m'dziko la France, anaposa onse, ndi Nadia yemwe. Anali ndi zaka 18.

Akulu akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa chaka cha 1979 Elena anathyoka mwendo. Mwendo wothyoka ufuna nthawi, ndipo fupa silidziwa za mpikisano. Koma mpikisano wa Olympic wa 1980 unali kudzachitikira mu Moscow momwemo, pamaso pa dziko lonse, kotero kuti panalibe wofuna kudikira. Anamchotsa chikhakha fupa lisanalumikizane bwino, ndipo anabwerera ku ntchito ali wofooka ndi wotopa. Pamwamba pa zimenezi anali kuphunzira kalumphidwe kotchedwa Thomas salto, kamene kanatenga dzina kwa Kurt Thomas, mwamuna wa ku America amene anakatchukitsa. Pa kalumphidwe kameneka munthu amapidiguka chagada m'mwamba kamodzi ndi theka, uku akupotokola thupi, ndipo satera ndi mapazi iyayi, koma amatsika mutu uli patsogolo, nagubuduka pa manja ndi mapewa. Akapanda kukwera mokwanira, chimene chiyamba kugunda pansi ndi mutu. Kukwerako kuchokera m'miyendo, ndipo mwendo wa Elena unali usanapole.

Iye mwini anadzasimba pambuyo pake kuti anawauza aphunzitsi ake kangapo kuti adzathyoka khosi pa kalumphidwe kameneka, koma mawu ake sanamveke. Pa 3 July 1980, ali kukonzekera mu mzinda wa Minsk, kutatsala masiku 16 kuti mpikisano utsegulidwe, analumpha, osakwera mokwanira, nagwera pa chibwano. Khosi linathyoka, ndipo anafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika. Anali ndi zaka 20. Kwa nthawi ndithu akulu a masewero a dzikolo anabisa kukula kwa ngoziyo, ndipo mpikisano unachitika popanda iye. Anakhala chigonere zaka 26, namwalira pa 22 December 2006.

Ndikamalingalira mbiri imeneyi, chimene chindipweteka mtima koposa nchakuti mtsikanayu sanalakwire mwambo uliwonse. Anachita zonse zimene ife timapempha kwa ana athu. Anali wakhama, anapirira ululu, anaopa kukhumudwitsa akulu, ndipo pamene anaona choopsa ananena mwaulemu, osathawa ntchito. Akanakhala mwana wamwano, wokana ndi kutuluka pakhomo, bwenzi atapulumuka. Chinthu chimenechi chiyenera kutiopsa ife akulu, pakuti ngati mwano upulumutsa mwana pamene ulemu umpweteka, ndiye kuti cholakwa chiri mwa olandira ulemuwo.

Wina adzati, "Kodi ukufuna kuti ana azileka ntchito iliyonse ikawawa? Nanga luso lidzachokera kuti?" Funso limeneli nlabwino, ndipo ine sindikana kuti luso lifuna kupirira. Palibe amene angayende pa mtanda wa masentimita 10 asanagwepo kambirimbiri, ndipo mphunzitsi wolekerera sathandiza mwana. Koma mphunzitsi wanzeru adziwa kusiyanitsa mantha a mwana woyamba kumene ndi chenjezo la munthu amene wachita ntchitoyo zaka zambiri. Elena sanali mlendo pabwalo. Anali katswiri woposa onse, ndipo mwendo wopwetekawo unali wake. Amene anaima pambali sakanadziwa mphamvu yotsala m'mwendomo kuposa mwini wake. Koma iwo anali kuyang'ana mendulo ndi mbiri ya dziko, ndipo mwanayo anasanduka chida chopezera zimenezo.

Zinthu zina zakonzedwa kuchokera nthawi imeneyo. Kalumphidwe ka Thomas kanaletsedwa kwa akazi. Kuyambira 1997 mtsikana saloledwa kupikisana ndi akuluakulu pa mipikisano ya maiko asanafike chaka chimene akwanitsa zaka 16. Ndipo pa chaka cha 2021, ku Tokyo, tinaona chinthu chimene m'masiku a Elena sichikanatheka. Simone Biles wa ku America, amene aliyense ankayembekeza kuti apambana, anapeza kuti akapidiguka m'mwamba sadziwanso kumene kuli pansi. Ananena kuti sapitiriza, ndipo analekadi. Anthu ena anamnyoza kuti wagwiritsa mwala dziko lake. Koma iye anabwerera kwawo akuyenda ndi miyendo yake, ndipo pa chaka cha 2024 ku Paris anatenga mendulo zagolide zitatu. Chimene dziko linataya pa kudikira chinabwezedwa, pamene khosi la Elena panalibe wolibweza.

Tsono inu makolo, aphunzitsi ndi onse oyang'anira ana, nkhani iyi isatipite ngati ya kutali. Mwana waluso ndiye ali pa ngozi yaikulu, kaya luso lake ndi la kuthamanga, la mpira kapena la m'kalasi, chifukwa ambiri amafuna kudyerapo, ndipo iye mwini amaopa kuwagwetsa mphwayi. Mwana wotere sadandaula msanga, ndipo akafika ponena kuti "sindingathe," amakhala atapirira kale nthawi yaitali. Mawu amenewo tiziwalandira ndi manja awiri. Timanena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kutanthauza kuti mavuto a ana amathera pa ife. Tiyeni tipitirize kuphunzitsa ana kumvera monga anachitira makolo athu, koma mkulu aliyense wolandira kumverako akumbukire kuti kubweza kwake ndiko kutchera khutu pamene mwanayo alankhula.