Za Nkhuku Zimene Tinazisiya Kumudzi

Mwezi uno tifuna kukamba nkhani imene ena adzati ndi yaing'ono, ndiyo ya nkhuku. Munthu angafunse kuti, kodi anthu ogona pa mabedi osanjikizana, opanda ngakhale kabwalo kowazapo madeya, anganene chiyani za nkhuku? Tiyankha kuti ambiri a ife tili oweta nkhuku ndithu, koma makola athu ali kutali, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Mulanje ndi kwina. Tsiku lopuma likafika, munthu naimba foni kwawo, atafunsa za ana ndi za odwala, funso lotsatira limakhala lakuti, "Nanga thadzi lija laswa angati?"

Kuno ku Dubai sitidzuka ndi tambala iyayi, foni ndiyo itidzutsa. Nthawi ya kuno ili patsogolo pa ya kwathu ndi maola awiri, kotero kuti pamene ambiri a ife tikwera basi ya kuntchito kusanache, kumudzi tambala woyamba ali pafupi kulira. Nkhuku imene tiphika madzulo ndi youma ndi madzi oundana, ndipo yambiri ichokera ku Brazil, itayenda pa nyanja masabata angapo. Ipsa msanga, mafupa ake ndi ofewa, ndipo msuzi wake suchedwa kuiwalika. M'khitchini momwe tiphikira pamodzi ndi anzathu a mitundu ina taona kuti dandaulo ili si lathu lokha. A ku Kenya alakalaka imene aitcha kienyeji, a ku Pakistan ndi ku India atchula desi murgi, ife tinena yachikuda kapena ya lokolo. Onsewa atanthauza nkhuku yodzifunira yokha chakudya pabwalo, yolimba nyama, imene mayi aidziwa ndi maso pakati pa zinzake makumi awiri.

Tsono tikumbutsane m'mene nkhuku imeneyi ikhalira kumudzi. Ili ndi mwini wake, inde, koma siiwetedwa ndi nyumba imodzi. M'mawa zikatsika m'khola zisakanikirana zonse, za kwa amalume, za kwa apongozi ndi za mlendo wodzakhala. Zipalasa pa dzala limodzi, zimwera m'phale limodzi. Nyumba yopanda tambala siidandaula, pakuti tambala wa mnansi akwanira mabanja anayi kapena asanu, ndipo palibe alipiritsa. Msoti ukayamba kuikira kuseri kwa nkhokwe ya wina, mwini nkhokweyo atumiza mwana kukanena kuti, "Akuti mukatenge mazira anu." Kabawi akazungulira kumwamba, aliyense amene wamuona akuwa, angakhale anapiyewo si ake. Likongwe akalowa m'khola usiku, anyamata a nyumba zonse atuluka ndi zibonga. Ngakhale mikangano ilipo, monga nkhuku ikadya mphale yoyanika pamphasa kapena ikafukula mbewu m'dimba, kawirikawiri itha ndi kupepesana kwa amayi okhaokha, osafika kwa anyakwawa.

Thadzi lachikuda liikira mazira khumi kapena khumi ndi asanu, nilifungatira masiku 21, niliyenda ndi anapiye miyezi iwiri kapena kuposerapo lisanayambenso kuikira. Pa chaka lichita chotero katatu. Ena awonjezerapo zakuda za Mikolongwe, zimene dzina lake lichokera ku famu ya boma ya ku Chiradzulu, ndipo mtundu wake ndi Black Australorp. Zikula thupi ndi kuikira mazira ambiri, koma sizipirira njala ndi matenda monga zachikuda. Chuma chimenechi ndi chochepa m'maso a munthu wolandira madirham, koma taonani ntchito yake. Mlendo wolemekezeka akafika, amphera nkhuku, nayika nthutumba m'mbale yake kuti adziwe kuti yonse ndi yake. Pa chinkhoswe, akuchimuna apereka tambala, akuchikazi napereka msoti. Munthu akalakwa m'mudzi, apepesa kwa amfumu ndi nkhuku. Mwana akatentha thupi usiku, nkhuku imodzi igulitsidwa m'mawa kuti papezeke ya kabaza wa kuchipatala. Makope, sopo, mchere ndi ya kuchigayo zituluka m'khola lomwelo, ndipo zituluka tsiku lomwelo, pamene ndalama yathu iyembekeza kutha kwa mwezi.

Ndiponso tonse tikumbukira Novembala wa 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama m'chitini anadzuka atasauka, osabedwa ndi munthu. Koma mayi amene anali ndi mathadzi asanu anakhalabe ndi mathadzi asanu, ndipo mtengo wake unakwera pamodzi ndi zinthu zina. Chifukwa chake tisamaseka akazi athu akamawerengera nkhuku zawo.

Mdani wamkulu wa chuma chimenechi ndiye chitopa. Palibe mwa ife amene sanachione. Chikonda kudza m'nyengo yowuma, makamaka dzuwa likayamba kutentha kufikira mvula yoyamba. Nkhuku iyamba kuwodzera masana, mapiko ake nagwa monga munthu wovala jekete lalikulu, zitosi zake zikhala zobiriwira, ina khosi lipindika, ndipo pa masiku owerengeka khola lonse latha. Azungu aitcha nthendayi Newcastle, dzina la mzinda wa ku England kumene inazindikirika m'zaka za m'ma 1920. Iyamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, ka mtundu umene makapisozi sakapha. Tsabola, phulusa ndi makungwa zimene amayi athu asungunula m'madzi ndi zoyesa chabe za munthu wothedwa nzeru. Nkhuku ikadwala chitopa palibe mankhwala oichiritsa.

Koma njira yoiteteza isanadwale ilipo, ndiyo katemera wotchedwa I-2. Anamutulukira akatswiri a ku yunivesite ya Queensland ku Australia, ndipo kwathu apangidwa ku Lilongwe, ku labotale yaikulu ya boma ya za ziweto. Ubwino wake ndi wakuti apirira kutentha koposa akatemera ena, kotero kuti munthu wa panjinga atha kufika naye kumidzi yopanda magetsi, atamkulunga m'nsalu yonyowa ndi kumuika m'dengu pamthunzi. Safuna jekeseni. Dontho limodzi m'diso la nkhuku likwanira, kaya ndi mwanapiye, kaya ndi tambala wamkulu. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi inayi, ndipo chifukwa chake adonthezera katatu pa chaka, m'Malichi, m'Julayi ndi m'Novembala. Adonthezera zamoyo bwino zokhazokha. Munthu woitana wakatemera chitopa chitalowa kale m'mudzi wachedwa, ndipo nkhuku zikafa adzanamizira katemerayo kuti ndiye wazipha.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Kabotolo kamodzi kakwanira nkhuku mazana angapo, ndipo kakatsegulidwa kayenera kutha m'masiku owerengeka okha. Nyumba imodzi ili ndi nkhuku khumi kapena khumi ndi ziwiri. Tsono palibe banja lingathe kabotolo lokha. Kayenera kuzungulira mudzi wonse. Komanso wakatemera sangapalase njinga mtunda wautali chifukwa cha nkhuku khumi, pakuti kandalama kamene alandira pa nkhuku imodzi ndi kochepa. Ndiponso nkhuku za mnansi zikatsala zosatemera, chitopa chipeza pofikira, ndipo anapiye amene aswedwa wakatemera atapita kale adzafa nacho ngakhale m'khola la munthu wosamala. Monga zidyera pamodzi, momwemonso ziyenera kutetezedwa pamodzi.

Ife amene tili kuno tikonda kutumiza ndalama pa zinthu zooneka: malata, simenti, njinga yamoto, feteleza. Zonsezi ndi zabwino. Koma za nkhuku tingofunsa chaka ndi chaka, ndi kumva yankho lomwelo lakuti, "Bambo a ana, zatha zonse ndi chitopa, kwatsala kamsoti kamodzi." Pamenepo tipukusa mutu, nitinena kuti ndi nyengo yake. Nyengo yake ndiyomwe, abale, koma mtengo wa katemera wa mudzi wonse sufika pa zimene titaya pa mayunitsi a foni m'mwezi umodzi.

Tikupemphani tsono zinthu zinayi. Choyamba, amene muchokera dera limodzi mufunane pakutha pa mapemphero, mugwirizane za kusonkha kangachepe katatu pa chaka, kuti ndalamayo ilipirire nkhuku za mudzi wonse, makamaka za agogo ndi za amayi amasiye amene sangathe kulipira. Itumizidwe pa Mpamba kapena Airtel Money kwa munthu amene amayi a m'mudzimo amsankha okha, amfumu akudziwa. Chachiwiri, mulembe miyezi itatu ija pa khoma pafupi ndi bedi. Mwezi wa Julayi ugwera m'nyengo imene lamulo la dziko lino liletsa kugwira ntchito padzuwa masana, kuyambira 15 Juni kufikira 15 Seputembala, kuchokera 12:30 mpaka 3 koloko. Pamene tiyamba kukhala pamthunzi nthawi imeneyo, kumudzi kuli kusanafike masana, ndipo ndi nthawi yabwino yofunsa ngati akaonana ndi alangizi a ziweto. Chachitatu, mukumbutse a kunyumba kuti atsekere nkhuku m'khola usiku wa dzulo lake, pakuti wakatemera akapeza zitabalalika m'thengo angodutsa. Chachinayi, muwauze kuti chitopa chikamveka asathamangire nazo kumsika zodwalazo, ngakhale kupereka kwa abale a mudzi wina, pakuti nthendayo iyenda ndi nkhuku yogulitsidwa motchipa, ndi nthenga ndi matumbo otayidwa pa dzala. Zakufa azikwirire m'dzenje lakuya, ndipo yogula kumene aisunge payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.

Pali chinanso chimene tiyenera kunena poyera, ngakhale chiwawa. Agogo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela, kapena ku Salisbury, analandira kalata kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo amayi otsala analamulira okha za pakhomo. Ife foni yatiyandikitsa, koma yatipatsanso chizolowezi cha kulamula zinthu zimene sitiziona. Munthu ali pabedi ku Sonapur anena kuti, "Mlamu wanga akubwera, mumphere tambala wofiira uja," osafunsa ngati tambalayo ndiye yekha wotsala, kapena ngati anasungidwira mayeso a mwana. Amene asinja madeya, nakumba chiswe cha anapiye, natentha udzu wa m'chisa chifukwa cha utitiri, nadzuka usiku pomva phokoso m'khola, ndiye mayi. Nkhuku ndi zake. Tikafuna ina, tipemphe monga apempha munthu kwa mwini chinthu. Ndipo ndalama ya mazira tisaichotsere pa imene titumiza, ngati kuti yatipeputsira katundu.

Tisaiwalenso anansi. Pamene tili kuno zaka ziwiri kapena zitatu osaponda kwathu, pali munthu amene akonza denga la khola lathu likadontha, pali mnyamata amene apirikitsa agalu, pali mayi amene atsekera nkhuku zathu a kunyumba akapita kukadikira matenda kuchipatala. M'Malichi 2023, namondwe Freddy atakokolola nyumba ndi ziweto ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi madera ena a kum'mwera, ena a ife tinamva kuti khola lapita ndi madzi. Mabanja amene anayambanso kuweta, kawirikawiri anayamba ndi msoti umodzi wochokera kwa mbale kapena mnansi, pa pangano lakale lija lakuti ukaswa, anapiye agawana, ndipo msotiwo ubwerera kwa mwini wake kapena upitirira ku nyumba ina. Palibe pepala lilembedwa pa pangano lotere. Likhazikika pa kudziwana, ndipo munthu amene ali kutali angathe kuchotsedwamo pang'onopang'ono ngati dzina lake limveka pa malata a nyumba yake yokha. Akuluakulu anati nkhuku yanjiru siiswa. Munthu wofuna kuti zake zokha zipulumuke adzapeza kuti ngakhale zakezo sizinapulumuke.

Chotero pokonza chikwama cha kutchuthi, muikemo kanthu ka mnansi amene asunga khola, ngakhale nsalu imodzi kapena kapaketi ka madeti a kuno. Mukafika, mupite nokha kukathokoza, musatume mwana. Ndipo amene mwagwirizana kale za kusonkha, mutidziwitse dera lanu ndi chiwerengero cha nkhuku zimene zatemeredwa, kuti tidzalembe m'kalata yotsatira, ena aonerepo. Amene simudziwa wa kwanu m'komboni yanu, mufunse akulu a mpingo tsiku la mapemphero, adzakulozerani. Tsalani bwino, ndipo mupereke moni kwa a kumudzi mukaimba.