Wakuba madzi tinamupeza m'chimbudzi chathu chomwe

 Lero tabwera ndi nkhani ya chimbudzi. Musaseke, chifukwa ife chinatsala pang'ono kutidanitsa ndi abale.

Ife ndife banja. Timaoda katundu wa hadiweya ku Johannesburg n'kumagulitsa ku Blantyre: mipope, mapaipi, maloko ndi zipangizo za zimbudzi zogejemula. Ulendo wina katundu anachedwa panjira, tinakhala kunja pafupifupi masabata awiri. Nyumba tinasiyira mtsikana wachibale amene timamulipirira sukulu. Bilu ya madzi itabwera, inali yowirikiza katatu. Tinamukhazika pansi: “Iwe, madziwa umagulitsa kwa ndani?” Iye akulira anangoti, “Amalume, sindinagulitse ngakhale ndowa imodzi.” Sitinamukhulupirire, ndipo tinayamba kukambirana zomubweza kumudzi.

Anatipulumutsa ndi pulambala wina amene amagula katundu kushopu kwathu. Anatseka mipope yonse m'nyumba n'kupita pa mita. Mita inali ikuyendabe. Kenako anatenga tishu youma, n'kuimata mkati mwa pani, kumbuyo kumene madzi amatsikira, ngakhale panalibe amene anagejemula. Posakhalitsa tishu ija inanyowa. “Bwana, wakuba wanu ndi uyu,” anatero. Manyazi anatigwira. Anthu ogulitsa zimbudzi, koma osadziwa zimene zimachitika m'kati mwa thanki. Zimene tinaphunzira kuyambira tsiku limenelo ndi izi.

Thanki iliyonse ili ndi mbali ziwiri: yolowetsa madzi ndi yotulutsa. Yolowetsa ndi valavu yokhala ndi mpira woyandama. Madzi akamakwera, mpira umakwera nawo mpaka valavu itatseka. Kusiyana kwakukulu kwa zimbudzi kuli ku mbali yotulutsa.

Mtundu woyamba ndi wa sayifoni, uja wa handulo umene umapezeka m'nyumba zambiri zakale. M'kati muli paipi yopindika yoyang'ana pansi. Mukatsitsa handulo, kapulasitiki kopyapyala kamakankha madzi kuti akwere n'kudutsa pamwamba pa kupindikako, ndiye madzi otsikawo amakoka anzawo mpaka mpweya utalowa. Ubwino wake ndi wakuti madzi sangathawire okha m'pani, chifukwa amayenera kukwera kaye. Kapulasitiki kaja kakang'ambika mumadziwa msanga: mumapopa handulo katatu kapena kanayi chisanagejemuke. N'kotchipa, koma ambiri amagula sayifoni yonse chifukwa palibe amene anawauza.

Mtundu wachiwiri ndi umene tinaika kwathu, wa mabatani awiri pamwamba. Unayambira ku Australia mu 1980, ndipo zambiri za masiku ano zimatulutsa malita 6 pa batani lalikulu ndi malita 3 pa laling'ono, pamene mathanki ambiri akale amataya malita 9 kapena kuposa. Apa madzi amatulukira pabowo la pansi pa thanki, ndipo chimene chimawatsekera ndi kalabala kamodzi kozungulira. Kalabalako kakauma, kakapindika, kapena pansi pake pakalowa mchenga, madzi amayenda usana ndi usiku. Chinanso, m'zimbudzi zakale madzi osefukira ankatulukira pa kapaipi ka kunja kwa khoma, aliyense n'kumaona. M'zatsopanozi amatsikira m'pani momwemo mwakachetechete. Tawerengani nokha: thanki ya malita 6 ikamadzidzaza yokha pa mphindi 15 zilizonse, ndi malita 576 pa tsiku, kapena malita 17,280 pa masiku 30. Kwathu kalabala kanali katauma ndi timiyala ta mankhwala timene tinkaponya m'thanki, ndipo mchenga umene unabwera madzi atasiya n'kuyambanso unamalizitsa ntchito.

Mtundu wachitatu ndi uja mumauona m'mamolo ndi m'madepoti akuluakulu a ku Joni, wopanda thanki, wongokhala ndi valavu yachitsulo pa paipi. Umatenga madzi mwachindunji, choncho umafuna paipi yotakata ndi pulesha yokwanira. Kasitomala amene madzi ake amachokera m'thanki ya pa sitandi musamugulitse umenewu mwachisawawa. Mita imodzi ya kutalika imapereka pafupifupi 0.1 bar basi, ndiye thanki yokwezedwa mamita atatu ili ndi 0.3 bar. Kawirikawiri valavu zotere sizigwira bwino pa mphamvu yochepa choncho, ndipo adzakubwezerani katundu.

Mtundu wachinayi anzathu a ku Kariakoo amaudziwa bwino: chonjuta, chothira madzi ndi ndowa. Chilibe chipangizo chothyoka. Chinsinsi chake ndi madzi amene amatsalira pokhota pa paipi, amene amatchinga fungo ndi ntchentche. Ngakhale chimbudzi cha thanki chimagejemuka chimodzimodzi madzi akasiya: thirani ndowa mwamphamvu kamodzi m'pani. Amene munali ku Cape Town mu 2018, pamene munthu ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku, mukukumbukira kuti madzi osambira ndi ochapira ndi amene ankagwira ntchito imeneyi.

Tsopano za kuoda, chifukwa apa ndi pamene mpamba umathera. Musanalipire, funsani ngati pani ndi ya P-trap, yotulukira kukhoma, kapena ya S-trap, yotulukira pansi. Nyumba imene paipi yake inaikidwa kale siisintha chifukwa cha katundu wanu. Onaninso ngati valavu yolowetsa madzi ndi yolowera m'mbali kapena pansi pa thanki, ndiponso ngati ndi ya pulesha yambiri kapena yochepa. Ya kabowo kakang'ono ikaikidwa pa madzi ofooka, thanki imachedwa kwambiri kudzaza. Timalabala ta mabatani sitifanana kukula, ndiye ife chimbudzi chilichonse chimene taoda timachitengera timalabala take tapadera ku shopu yomweyo. Kasitomala wa ku Mwanza kapena ku Chipata sangakwere basi kupita ku Joni kukafuna kalabala kamodzi. Ndipo tsegulani katoni iliyonse musanapereke kwa transipota. Mng'alu wa pani umabisala, ndipo mukauona mutawoloka kale boda, mlandu ndi wanu.

Kasamalidwe kake sikovuta. Kamodzi pa mwezi chotsani chivundikiro n'kuona ngati madzi akuima pansi pa kapaipi kosefukira. Ngati akufika pakamwa pake, tsitsani mpira pang'ono. Yesani ndi tishu youma monga anachitira pulambala uja, kapena thirani tiyi wakuda m'thanki n'kudikira theka la ola osagejemula. Mtundu ukaonekera m'pani, kalabala katha. Madzi akasiya n'kubweranso, tsegulani kaye mpope wa panja kuti matope atuluke. Mankhwala otsukira azithiridwa m'pani, osati m'thanki. Ngati mukufuna kuti thanki yakale izitaya madzi ochepa, ikani botolo lodzaza madzi pakona posakhudza mpira, osati njerwa, chifukwa njerwa imanyenyeka. Matewera, thonje la amayi, nyuzipepala ndi mapepala a pulasitiki asalowe m'pani, makamaka ngati muli ndi sepitiki thanki.

Kwa ife oyendayenda, chachikulu ndi ichi: ikani kampope kotsekera pa paipi yolowa m'thanki. Ngati nyumba itsala yopanda munthu, tsekani, ndipo jambulani nambala ya pa mita ndi foni musananyamuke. Ngati mutsala munthu, musonyezeni potsekera ndi mmene angayesere.

Kalabala kamene kanatha kwathu mtengo wake sunafike ngakhale pa chakudya cha munthu mmodzi panjira ya ku Joni. Bilu tinalipira pang'onopang'ono, inatha. Chovuta chinali kupepesa mwana amene tinamutcha wakuba pamaso pa ana athu. Tinapepesa, ndipo tinaimbiranso mayi ake kumudzi, poti nkhani inali itawafika kale. Anatikhululukira, koma panapita nthawi asanayambenso kuseka nafe momasuka. Pano Loweruka amatithandiza kushopu, ndipo kasitomala akagula chimbudzi cha mabatani, iye ndi amene amamufotokozera za tishu youma.

Bilu ikakwera mosadziwika bwino, yambani mwatseka mipope n'kukaona mita musanaitane munthu kuti adzayankhe mlandu. Muyende bwino nonse, katundu afike wamphumphu.