Imelo ndi Yaulere, Nanga Vairasi Akulipira Ndani?

Tonse tinapatsidwa malamulo atatu tsiku lomwe tinayamba kugwira kompyuta: usatsegule fayilo yochokera kwa munthu amene sukumudziwa, usadine linki ya kalata yokuuza kuti wawina mamiliyoni, ndipo usamayendeyende m'mawebusaiti a zolaula ndi a mafilimu akuba. Ukasunga atatuwa, amatero, vairasi sidzakupeza. N'chifukwa chake laputopu ya munthu ikadwala ku hostel, chimayamba ndi chiseko: "Aise, umalowa kuti usiku?" Ine ndikuti chiweruzo chimenechi n'chachikale, ndipo nthawi zambiri n'chopanda chilungamo. Munthu angathe kutenga vairasi ali pamalo aulemu ndithu, m'bokosi lake la imelo, akuwerenga kalata ya lekichala. Khomo lake ndi timalonda timene timaonekera pambali pa makalatawo.

Zinachitikapo, ndipo zinalembedwa. Kumapeto kwa Disembala 2013 mpaka masiku oyambirira a Januwale 2014, zotsatsa malonda zina zoonekera pa masamba a Yahoo ku Ulaya zinkalowetsa anthu mavairasi. Kampani ya ku Netherlands yoona za chitetezo cha makompyuta, Fox-IT, ndi imene inaulula nkhaniyi, ndipo inati mayiko amene anakhudzidwa kwambiri anali Romania, Britain ndi France. Choopsa chinali chakuti munthu sankafunika kudina chilichonse. Tsamba likangotseguka, chotsatsacho chinkalumikiza browser mwakachetechete ku kompyuta ya akuba, imene inkafufuza ngati Java wa munthuyo ndi wakale. Ikapeza mpata, inkalowetsa mapulogalamu ake, ena mwa iwo obera mapasiwedi a ku banki. Mu Ogasiti 2015 kampani ya Malwarebytes inalengeza zofanana ndi zimenezi pa Yahoo yemweyo, ulendo uno akubawo atadzera pa Adobe Flash. Mu Malichi 2016 zinagwera owerenga The New York Times, BBC, MSN ndi AOL. Palibe mmodzi wa anthuwa amene analowa kolakwika.

Zimatheka bwanji kampani yaikulu chonchi kutumizira anthu ake vairasi? Yankho lili m'mene malo otsatsira amagulitsidwira. Kabokosi kamalonda kamene mumakaona pambali pa inbox sikadzazidwa ndi munthu amene wakhala pansi n'kusankha. Mukangotsegula tsamba, malowo amaikidwa pa okushoni ya makompyuta okhaokha, imene imatha sekondi imodzi isanakwane, ndipo amene wapereka ndalama zambiri ndiye amaonetsa chake. Pakati pa mwini tsamba ndi wotsatsa pamakhala adobadoba angapo, wina kugulitsa kwa wina. Wakuba amalembetsa ngati wamalonda wabwinobwino, amayamba ndi chotsatsa choyera kuti adutse pa chipikisheni, kenako n'kusintha zimene zili kuseri kwake. Ena amachenjera mpaka kukonza kuti vairasi izioneka kwa anthu a dziko linalake okha, kapena a makompyuta akale okha, kotero kuti woyendera akabwera amapeza zonse zili bwino.

Wina anena kuti zimenezo ndi za kale. Zoona, njira ija yolowa popanda kudina inavutirapo. Adobe inasiya Flash pa 31 Disembala 2020, ndipo ma browser a masiku ano salolanso Java kugwira ntchito mkati mwawo monga kale. Koma akuba sanasiye ntchito, anangosintha chida. Lero chotsatsa chimabwera chitavala yunifolomu: batani lobiriwira lolembedwa "Download", uthenga wakuti browser yanu yatha ntchito, kapena chenjezo lofiira lakuti kompyuta yanu ili ndi mavairasi asanu ndipo mudine apa kuti muwachotse. Mu Disembala 2022 bungwe la FBI ku America linachenjeza za zotsatsa zimene zimanamizira makampani odziwika pa masamba ofufuzira zinthu, ndipo limodzi mwa malangizo ake linali loti anthu aike ad blocker. Apolisi a dziko limene makampaniwa anabadwira akamalangiza anthu kutseka malonda, nkhaniyo si yaing'ono.

Ine ku hostel kwathu ndine mmodzi wa anthu amene amabweretseredwa malaputopu akavuta, ndipo ndaona mmene zimakhalira. Semesita yatha mnzathu wina wa chaka chachinayi ankadikira ndemanga za supervisor wake pa chaputala chachitatu. Kalata inafika pa imelo yake yaulere, iye ali pa changu, ndipo pafupi pomwepo panali batani lalikulu la "Download". Anadina limenelo. Chimene chinatsika sichinali chaputala chake koma kapulogalamu kodzitcha kowerengera ma PDF. Pofika mawa lake browser inkatsegula masamba okha, bandulo ya sabata inatha tsiku limodzi, ndipo anzake anayamba kulandira mauthenga achilendo ochokera ku akaunti yake. Tinathera Loweruka lonse tikupulumutsa mafayilo ndi kuika Windows mwatsopano. Mtsikanayu si wopusa. Batanilo linapangidwa dala ndi munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kuphunzira pamene diso la munthu wotopa limagwera.

Ndipo ife tili pamalo osalimba kuposa aku Romania aja. Malaputopu athu ambiri ndi a kaunjika. Ena akadali pa Windows 7, amene Microsoft inasiya kumusamalira pa 14 Januwale 2020. Windows ndi Office zambiri zimene tili nazo anatiikira ndi mnyamata wa m'tauni, ndipo chinthu choyamba chimene amatiuza n'chakuti tizimitse ma update kuti asatidyere bandulo. Antivirus amene anabwera ndi makinawo anatha kalekale. Tsono taganizirani zimene zili mu imelo ya wophunzira kapena wa munthu amene wangomaliza kumene digiri: CV, chithunzi cha chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, makalata ofunsira ntchito ndi sikolashipu, dissertation imene anadzitumizira yekha kuti isasowe. Imelo yomweyo ndi imene imatsegula Facebook ndi maakaunti ena onse ukaiwala pasiwedi. Woigwira wagwira makiyi a nyumba yonse.

Ndikudziwa zimene a mbali ina anganene, ndipo sizopanda nzeru. Makompyuta osunga makalata a anthu mamiliyoni amadya magetsi ndi ndalama, ndipo wina ayenera kulipira. Hotmail itabwera mu 1996, Yahoo Mail mu 1997, kenako Gmail mu 2004 ndi malo ake a 1 GB, munthu wosauka anapeza adiresi yofanana ndi ya bwana. Imelo ikanakhala yolipira ndi madola mwezi uliwonse, ndi mavuto a forex athuwa, ambiri mwa ife sitikanafunsirako ntchito iliyonse. Ndimavomerezanso kuti makampaniwa amasefa: Google imalengeza chaka ndi chaka kuti yachotsa zotsatsa zoipa mabiliyoni.

Koma pangano limene ndinalola ndi lakuti ndipereke maso anga, osati kompyuta yanga. Mwini golosale akalola munthu kuika benchi m'sitolo mwake n'kumalandira lendi, ndiye munthuyo n'kumapisa m'matumba mwa makasitomala, sanganene kuti wakubayo si wantchito wake. Chimene chimandiwawa n'chakuti phindu ndi chiopsezo zinagawidwa mokondera. Chotsatsa choipa chikaoneka, malo aja amakhala atagulidwa kale ndipo adobadoba atenga zawo. Wotaya bandulo, Loweruka lake, mwina ndi chaputala, ndi wophunzira. Tili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act loletsa umbanda wa pa makompyuta, koma wakuba amene ali kutsidya kwa nyanja, wobisala kuseri kwa makampani anayi, mudzamusumira ku polisi iti?

Poti wotiteteza palibe pafupi, ine ndimachita zotsatirazi, ndipo sizidya ndalama. Ndinaika uBlock Origin pa Firefox, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndimaizimitsa pa masamba a nyuzipepala zathu ndi mabulogu ang'onoang'ono amene ndimawakhulupirira, chifukwa iwo amadyera momwemo, koma mu inbox imakhala yoyaka. Ma update ndimapanga ndikakhala pa Wi-Fi ya pasukulu m'malo mowazimitsiratu. Fayilo ikatsika ndimayang'ana mchira wa dzina lake ndisanaitsegule: ndemanga za supervisor zimathera ndi .docx kapena .pdf, osati .exe kapena .msi. Ndikafuna pulogalamu ndimalemba ndekha adiresi ya eni ake, sindidina chotsatsa. Uthenga wa pa tsamba wonena kuti ndili ndi vairasi ndimautseka, chifukwa tsamba silingayeze kompyuta yanga. Imelo yanga ili ndi chitetezo chachiwiri chodzera pa foni, ndipo ntchito yofunika imakhala malo awiri, amodzi osalumikizidwa ku intaneti.

Chomaliza chili kwa ife tokha. Chiseko chija cha "umalowa kuti usiku" chili ndi mtengo wake. Munthu wochita manyazi amabisa, amapitiriza kugwiritsa ntchito laputopu yodwala, ndipo fulashi yake imazungulira gulu lonse la asainimenti mpaka kukafika kwa wosindikiza mapepala. Mnzanu akakuuzani kuti makina ake akuchita zachilendo, musamufunse kumene analowa. Muuzeni azimitse intaneti, asinthe pasiwedi ya imelo pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, ndipo achenjeze onse amene anawabwereka fulashi. Chaona mnzako chapita, ndipo batani lobiriwira lija likudikira tsiku limene inunso mudzakhale pa changu.