Mzere wa odzaza okhaokha

Kuno ku Cape Town, pa msewu waukulu wa N2 wolowera m'tauni, mzere wakumanja kwenikweni si wa aliyense m'mawa. Kuyambira hafu pasiti 5 mpaka 9 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu, mumayenda mabasi ndi maminibasi okha. Ukalowamo ndi galimoto yako, kaya ndi Benz, kamera imajambula nambala ndipo chindapusa chimakupeza. Ife ochokera ku Philippi ndi Khayelitsha timangodutsa fyuu, mabwana ali ndii pamdipiti, aliyense yekhayekha m'galimoto ya mipando isanu.

Ku California lamulolo lidapita patali. Kumeneko mzere wojambulidwa chizindikiro cha dayamondi ndi wa galimoto imene yanyamula anthu awiri, pena atatu, kupita m'tsogolo. Khanda amaliwerenga, galu ayi, mimba ayinso. Chindapusa chake chimayambira pa madola 490, ndiye pali ena amene adagwidwapo atakhazika chidole chachikulu pampando, atachiveka chipewa kuti chioneke ngati mlamu wawo. Tangoganizani, boma kuchita kunyengerera anthu ndi msewu kuti akhale pamodzi!

Zoterezi zimandiseketsa, koma kusekako sikukhalitsa, mtima umathawira kwathu ku Milange, m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Kwathu mpando wopanda munthu ndi ndalama yotayika. Minibasi ya ku Mocuba, imene kwathu timati chapa, sinyamuka isanadzaze. Dalaivala amangoliza injini kukunamizani kuti tikupita pompano, dzuwa n'kumakwera. Mpando wa atatu mumakhala anayi. "Tasunthani pang'ono mayi, mwanayo mumuike pamiyendo," amatero kondakitala, uku akukankhira thumba la nandolo pansi pa mapazi anu, nkhuku yomangidwa miyendo ikukuyang'anani ndi diso limodzi. Panjapo njinga zili piringupiringu, matumba a chimanga atatu kumbuyo, kulunjika ku Muloza ndi ku Limbuli. Wakabaza samasankha ndalama: kwacha alandira, metikali alandiranso.

Ndipo munthu akagula galimoto n'kumadutsa anthu akwawo pamsewu, kumbuyo kuli mbee, safuna wapolisi. Nkhani yake imakakambidwa pamaliro, kuseri kwa msasa, ndipo chindapusa chimenecho sichitha ndi ndalama.

Sindikuti zonse n'zokoma. Kwathu wapolisi amaimitsa galimoto chifukwa yanyamula mopyola muyezo, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Chikhalire phula pa N11, magalimoto amathamanga kuposa kale, ndipo lole yodzaza anthu pamwamba pa katundu ikaphulika tayala, maliro ake sakhala a mudzi umodzi. Lamulo limene tikusowa ife ndi lotsitsa ena, osati lokweza.

Chimene chimandiwawa kuno n'china. Minibasi ya kuno nayo imadzaza thothotho, koma mumangokhala duu, aliyense maso pa foni. Ndalama imayenda dzanja ndi dzanja kupita kutsogolo, chenji n'kubwereranso momwemo, basi kucheza kwatha. Palibe wokufunsa kuti kunyumba kwacha bwanji. Pomwe kwathu, usanafike n'komwe pa Alto Benfica, umakhala utadziwa mtengo wa nandolo chaka chino, amene wamwalira ku Majaua, ndi chifukwa chake mayi wakhala pambali pakoyo akupita kuchipatala ku Quelimane. Akakusendera nthochi sufunsa kuti ndinu yani. Pofika ku Mocuba mwendo wachita dzanzi, malaya anunkha usipa wa eni ake, koma wapeza malume atsopano.

Achimwene, ndamva kuti mwagula pikapu. Mukamatsika ku Mocuba musamatseke magalasi onse. Agogo akakuimikani panjira muziwatenga, koma kumbuyoko musaunjike anthu pamwamba pa matumba.