Kumvetsera Madandaulo a Kilatchi

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu ambiri amatchula mwambi umenewu pa milandu ya m'mudzi, koma ine ndimaukumbukira ndikamva galimoto ikubuula pachitunda. Galimoto ya magiya osintha ndi dzanja siifa mwadzidzidzi ngati munthu woombedwa ndi mphenzi. Imayamba yadandaula kwa milungu kapena miyezi, ndipo chiwalo chimene chimadandaula momveka bwino kuposa zonse ndi kilatchi. Tsoka lake ndi lakuti oyendetsa ambiri sadekha kuti amve chimene ikunena.

Ndidakulira m'manja mwa amalume anga amene adali makaniko ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre. Sukulu ikatsekera, ntchito yanga idali kuwapatsira masipanala ndi kutsuka mabawuti m'beseni la palafini. Iwo sankalola mwana kumasula chitsulo asanafotokoze ntchito yake. "Mphwanga," ankatero, "sing'anga wosadziwa pamene pali nthenda amatema mphini thupi lonse." Motero ndisanakhudze kilatchi ndi dzanja, adayamba andiphunzitsa mmene idakhalira.

Kilatchi ili pakati pa injini ndi giyabokosi. Injini ikalira imazungulira osapuma, pamene matayala amayenera kuima, kuyenda pang'onopang'ono kapena kuthamanga. Ntchito ya kilatchi ndi kulumikiza ziwirizi ndi kuzilekanitsa pamene woyendetsa wafuna. Kumbuyo kwa injini kuli chitsulo cholemera chozungulira chotchedwa fulayiwilo. Pachitsulo chimenechi pamatsamira puleti ya kilatchi, imene mbali zake zonse ziwiri zidamatidwa ndi zinthu zokhakhala zofanana ndi za mabuleki. Puletiyi imapanidwa ndi chivundikiro cha masipuling'i olimba chimene amakaniko amachitcha pulesha puleti. Woyendetsa akaponda chopondera cha kumanzere, bering'i yaing'ono imakankha masipuling'i aja, puleti imamasuka, ndipo mphamvu ya injini imaleka kufika kumagiya. Akachotsa phazi, puleti imapanidwanso ndipo galimoto imanyamuka. Wamvetsa zimenezi sangavutike kusiyanitsa madandaulo anayi a kilatchi.

Dandaulo loyamba ndi kuterereka. Woyendetsa amaipatsa moto galimoto, injini n'kumabangula, koma liwiro osawonjezeka. Vutoli limayamba kuonekera pa giya yachinayi kapena yachisanu, makamaka pokwera mtunda ndi katundu, monga m'mapiri a pakati pa Chikwawa ndi Blantyre. Nthawi zambiri pamamvekanso fungo loipa longa la mabuleki opsa. Amalume ankayesa chonchi: ankaimika galimoto poyera pamene panalibe munthu kutsogolo, n'kukoka buleki ya pamanja mwamphamvu, n'kulowetsa giya yachitatu, kenaka n'kumachotsa phazi pakilatchi pang'onopang'ono. Kilatchi yabwino imazimitsa injini nthawi yomweyo. Injini ikapitirira kulira phazi litachoka, ndiye kuti puleti siikugwira. Kuyesaku kumachitika kamodzi ndiponso mwachidule, chifukwa kubwereza kumaotcha puleti. Kuterereka kumabwera puleti ikaperepeseka, masipuling'i akafooka, kapena oyilo wodontha kuchokera kumbuyo kwa injini kapena kugiyabokosi akanyowetsa puleti. Komanso m'galimoto zimene kilatchi yake imakokedwa ndi waya, wayayo akamangidwa mokokeka kwambiri puleti siipanidwa mokwanira. Ndi chifukwa chake chopondera chimayenera kukhala ndi kampata kakang'ono koyenda mopepuka chisanayambe kulimba, ndipo kukula kwa mpatawo kudalembedwa m'buku la galimoto iliyonse.

Dandaulo lachiwiri ndi kukakamira. Apa puleti imakana kumasuka ngakhale woyendetsa aponde mpaka pansi. Magiya amavuta kulowa ndipo amakukuta mano, makamaka giya yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo. Ambiri akamva kukukutako amathamangira kunena kuti giyabokosi yatha, pamene pali njira yapafupi yodziwira zoona. Zimitsani injini, muyese kulowetsa magiya onse. Ngati akulowa bwino injini ili chete, koma n'kumakana ikalira, mlandu uli ndi kilatchi. Galimoto zambiri zimatumiza mphamvu ya phazi kudzera m'mafuta ofanana ndi a mabuleki, kuchokera pa silinda ya pafupi ndi chopondera kupita pa silinda ina yaing'ono ya pagiyabokosi. Mafutawa akachepa, kapena mpweya ukalowa m'mapaipi, chopondera chimafewa ngati siponji. Ngati magiya akulowa mutapopa chopondera kangapo, dziwani kuti vuto lili m'mafuta ndi m'masilinda, ndipo palibe chifukwa chotsitsira giyabokosi.

Ndimakumbuka mayi wina wochita malonda a tomato amene adafika ndi pikapu yake itakokedwa, madengu ali mbwee kumbuyo. Kugalaja ina adamuuza kuti agule kilatchi yonse yatsopano, ndipo ndalama zake zikadameza mpamba wake wonse. Amalume adamulonjera, n'kumufunsa kuti, "Mayi, kodi magiyawa adayamba kuvuta liti, ndipo chopondera chimamveka bwanji kuphazi?" Mayiyo adayankha kuti, "Bambo, dzulo chidali chofewa, lero changogwera pansi osabwerera." Iwo adatsegula kabotolo ka mafuta a kilatchi n'kupeza kali gwa! Atagwada pansi pa galimoto adaona silinda yaing'ono ija itanyowa. Adasintha timalabala ta mkati mwake, adathira mafuta, adatulutsa mpweya, ndipo dzuwa lisanapendeke mayi uja adali pamsika, tomato wake asanavunde. Mafunso awiri okha ndi amene adapulumutsa mpamba wa banja lonse.

Dandaulo lachitatu ndi kunjenjemera. Ponyamuka galimoto imagwedezeka ngati munthu wodwala malungo, ngakhale woyendetsa achotse phazi mosamala bwanji. Kawirikawiri zimenezi zimachitika puleti ikakhala ndi madontho a oyilo, kapena fulayiwilo ikapsa n'kusiya kusalala. Koma munthu wodekha amayamba wayang'ana malabala amene injini ndi giyabokosi zimakhalapo. Malabalawa akang'ambika, injini imadumpha ponyamuka, ndipo kunjenjemera kwake kumafanana ndithu ndi kwa kilatchi yodwala. Kusintha labala ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kutsitsa giyabokosi.

Dandaulo lachinayi ndi phokoso, ndipo apa khutu ndi phazi ziyenera kugwirizana. Imikani galimoto, giya ili panyutulo, injini ikulira, ndipo mumvetsere. Phokoso loliralira limene limayamba mukangoponda kilatchi, n'kutha mukachotsa phazi, limaloza ku bering'i yokankha masipuling'i ija. Koma phokoso limene limamveka phazi lili pambali, n'kuzimirira mukaponda, nthawi zambiri limachokera ku bering'i ya mkati mwa giyabokosi. Phokoso likhoza kumveka lofanana, koma nthawi imene likubwera ndi imene imaulula mwini wake.

Pa zaka zimene ndidakhala pagalaja ndidaona kuti kilatchi zambiri zimaphedwa ndi phazi la mwini galimoto. Ena amayenda phazi litatsamira pachopondera ulendo wonse, osadziwa kuti bering'i ikuzungulira kosalekeza ndipo puleti ikupekesana ndi fulayiwilo. Ena akaima pachitunda amagwira galimoto ndi kilatchi m'malo moponda mabuleki. Enanso amasenzetsa pikapu katundu wa lole, n'kumanyamukira giya yachiwiri. Choopsa kuposa zonse ndi chizolowezi chotsetsereka mtunda ataponda kilatchi kapena atachotsa giya, poganiza kuti akupulumutsa mafuta. Potero injini imaleka kuthandiza kuchepetsa liwiro, mtolo wonse umagwera mabuleki, ndipo mabuleki akatentha amaleka kugwira. Pamalo monga Chiweta ku Rumphi kapena Golomoti ku Dedza, chizolowezi chimenechi chikhoza kutengetsa miyoyo ya anthu osalakwa.

Nthawi imafika ndithu pamene puleti yatheratu ndipo giyabokosi iyenera kutsika. Zikatero ndi nzeru kusintha zinthu zitatu pamodzi: puleti, pulesha puleti ndi bering'i. Ntchito yaikulu ndi yotsitsa ndi kukweza giyabokosi, kotero wosiya bering'i yakale kuti asunge ndalama amadzalipira ntchito yomweyo kawiri. Ngati padali oyilo, malo odonthawo atsekedwe, kupanda kutero puleti yatsopano idzanyowanso. Fumbi la mkatimo lisauziridwe ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa makina, pakuti mapuleti akale ambiri adapangidwa ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo. Lipukutidwe ndi nsanza yonyowa.

Masiku ano galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan zimasintha zokha magiya, ndipo wina akhoza kuganiza kuti nzeru imeneyi yatha ntchito. Komatu malole onyamula chimanga, mathirakitala, mapikapu ndi maminibasi ambiri akadali ndi zopondera zitatu, ndipo ndi amene amafikitsa odwala kuchipatala ndi mbewu kumsika. Inu amene muli pasukulu lero, ena mudzakhala oyendetsa, ena eni galimoto, ena amakaniko. Mukadzamva galimoto ikudandaula, musadzathamangire sipanala kapena chikwama. Mudzayambe mwafunsa kuti vutolo likubwera liti, pa giya iti, phazi lili pati, ndipo likumveka bwanji. Mudzayambe ndi zapafupi monga mafuta, waya ndi malabala, musanafike pa zovuta ndi zodula. Ndipo ngati simukudziwa, mudzafunse odziwa, pakuti safunsa adadya phula.