Nyumba ya mnzathu ndi amana

Ramadhan ya 2023 inatipeza namondwe wa Freddy atangodutsa. M'midzi yathu, kuyambira ku Liwonde mpaka ku Ulongwe, nyumba zina zinatsala zokha, eni ake ali m'misasa, ena ku Johannesburg. Nyumba yopanda mwini sichedwa kuzulidwa malata ndi zitseko.

Kwathu kuno kulibe kampani yodzatitsekera nyumba, ntchitoyo ndi yathu. Tikaswali Asr tinkatenga matabwa, nsungwi ndi misomali, n'kukhomera mazenera ndi makomo. Khoma lopendekeka tinkalichirikiza ndi mphanda, ana osawalola kuyandikira.

Munthu amene wadziletsa chakudya chake chomwe mpaka Maghrib sangaonerere cha mnzake chikutha. Allah atilandire kusala kwathu.